Kaliwo wa Kunkhongo kwa Nantchengwa

Mwendo uwu apa, nya. Winawu apo, nya. Chifuwa patsogolo, khosi kumbuyo, diso limodzi likuba mbali kuona ngati alipo akumusirira. Kenaka kachifuwa kabodza, ehe-e-em, ndi mawu otulukira m'mphuno: "Musakhudze, musakhudze. Kuona ndi maso." Mwamuzindikira, ana inu? Ameneyo ndi Nantchengwa, mmene ankayendera kalelo dziko lisanamuphunzitse mwambo.

Muiwale Nantchengwa wamwaye amene mumamupeza kudamboyu. Wa masiku amenewo anali woyera mbee, moti akaima padzuwa nkhuku zinkatsinzina. Kunkhongo kwake kunali see, kopanda kanthu. Kuyerako n'kumene kunamupezetsa banja kwa a Kakowa, kumene ankakhala pachikamwini ndi mkazi wake Nangozo.

Anzake akamapita kumunda, iye ankayenda midzi kusakasaka akaliwo akale osutira fodya. Anali naye wadothi wochokera kuseri kwa mapiri, wachipanda wothira madzi wolira gudugudu, ndi wansungwi wautali woti mwiniwake akakhala pano wina akamugwirire kumsika. Onjezani tinyanga ta agwape tosungira fodya wa mphuno ndi timbaniro topanira khala. M'nyumbamo munadzaza thothotho, moti Nangozo akafuna kutembenuka ankayamba watuluka panja.

Koma utsi wa Nantchengwa panalibe amene anauonapo.

Paja nthawi imeneyo machesi kunalibe. Moto wa mudzi wonse unkakhala pachikuni chosazima kwa mayi ake a Nangozo, ndipo woufuna ankapita ndi phale kukapala. Ndiye anzake akati tasutani tione, Nantchengwa ankapukusa mutu mwachisoni. Mkamwini waulemu angakaime pakhomo pa apongozi? Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, akafuna kulankhula nawo amagwada n'kuwapatsa msana. Akati tumani akazi anu, ankayankha kuti moto wobwera paphale umafika utatopa, umaononga fodya. Zaka zinatha choncho.

Tsidya la mtsinje kunkakhala Nungu, wosakhazikika mnzake, amene zikhatho zinatha ndi kupeka moto. Iyeyu analumbira kuti adzapeza njira yachidule. Ankaviika tizitsotso mu utomoni, n'kupaka kumutu kwake dothi lachikasu la ku madzi otentha, lonunkha ngati dzira lowola. Nsidze zinapsa, ndevu zinapsa, nyumba ziwiri zinapita, iye osaleka. Tsiku lina anakwecha kachitsotso pamwala, kwe, moto lawi. Anathamanga osawoloka pamlatho, anangodutsa m'madzi, n'kupeza Nantchengwa akupukuta akaliwo ake pamthunzi, anthu atamuzungulira.

"Bwanawe, vuto lako latha," anatero Nungu akupuma wefuwefu. "Moto uwu sudutsa kwa apongozi ndipo sutopa. Mawa pamthunzi pano tidzaone utsi wako."

Nantchengwa anakhosomola, ehe-e-em, n'kunena kuti moto watsopano chotere sungayambire pa kaliwo wamba, ukufunika kaliwo wakale kuposa onse. Anthu anayang'anana, chifukwa kaliwo ameneyo ankamudziwa. Anali wa malemu bambo ake a Nangozo, ndipo mayiwo anamupachika m'kati mwa nkhokwe kuti mwamuna wawo azilonderabe chimanga. Nantchengwa anangonena zimenezo pofuna kuti nkhani ithe. Koma pakamwa patatchula, mtima unadzuka. Kaliwoyo anali atamulakalaka chikwatirireni.

Tizitsotsoto nato sakanatisiya. Toyamba padziko lonse, iye osakhala nato? Anachonderera mpaka Nungu anamupatsa khumi, koma anamugwira phiko n'kumuchenjeza kuti tizitsotsoto sitinaphunzire ulemu: mitu yake ikakhudzana kapena kukwecha pena palipose, timayaka tokha. Asunge kalikonse pakokha. Nantchengwa anavomera bwinobwino. Nungu atangopotoloka, anaona kuti zinthu zokongola sizikhala zomwazikana, n'kutimanga pamodzi ndi luzi, mitu mbali imodzi, n'kupana mtolowo m'khwapa kuti wina asaube.

Kutacha anthu anapita kudimba. Nangozo anakapala moto, anadutsa nalo phale pafupi ndi nkhokwe monga mwa masiku onse, anaphika, nayenso ulendo. Pamudzi panangotsala mbuzi ndi Nantchengwa.

Anakhala pansi, anadzuka. Anapita kunkhokwe, anabwerera. Anawerenga akaliwo ake, anawawerenganso chobwerera. Ankadziwa, monga mukudziwira inu, kuti mkamwini sasuzumira m'nkhokwe ya apongozi, kaya njala yamugwira pakhosi. Koma kungoona kokha? Maso amachepetsa chimanga? Dzuwa likufika paliwombo, anapezeka wakwera, wanyamula denga pang'ono, wadzifinyira m'kati.

Kaliwoyo anali apo, wakuda, wonyezimira ndi manja a anthu akale, pamene anang'ambika atamatidwa ndi utomoni. Nantchengwa anamutenga. Pomwepo panja panamveka kukhosomola. Inali mbuzi, ana inu, mbuzi yokalamba yopanda mlandu, koma makutu a wakuba amamva apongozi paliponse. Anaponya kaliwo kunkhongo n'kumupana ndi khosi, anadziponyera pampata uja, ndipo mtolo wa m'khwapa unakwecha nsungwi. Kwe.

Nkhokwe ya m'chilimwe siyankha kawiri. Moto unakwera kumwamba mpaka mitambo inasuntha. Chimanga chinaphulika mbuliwuli zomwe zinagwa ngati matalala midzi itatu, ana a kumeneko n'kumatola ndi malichero. Nantchengwa anagubuduka mu utsi, anaponda makala, n'kuliyatsa liwiro la kumtsinje mpaka phava m'madzi. Atavuuka anadziyang'ana: kuyera konse kwapita, watsala mtundu wa denga la kukhitchini. Anagwira kunkhongo. Utomoni unasungunuka, kaliwo wamatirira. Anakoka mpaka maso anafiira, anakhuza pamwala, anapempha nkhanu kuti ithandize. Kaliwo ali nganganga.

Kumudzi anthu anapeza phulusa. Anafunsana kuti wadutsa apa ndi moto ndani, ndipo yankho silinachedwe. Nangozo sanakane, chifukwa iye mwini sankadziwa ngati khala linagwa kapena ayi. Abale ake anamutcha wosasamala, wodyetsa mtundu njala. Mayi ake anamuletsa kugwiranso phale ndi kukhala pamphasa yodyera anzake, ndipo chimene analira kwambiri si chimanga, koma kaliwo wa mwamuna wawo.

Madzulo ake anthu ena anapeza Nantchengwa mumtsinje, madzi akulekeza m'mawondo, nkhope kumtunda. Atamufunsa za mwayewo, pakamwa panayankha pasanafunse mtima: anadziponya m'moto kuti apulumutse chimanga cha apongozi. Anthu anaomba m'manja. Mkamwini ngati ameneyu akupezeka kuti?

Masiku atatu sanatuluke m'madzi. Ankati mapazi akutentha, ndipo pamenepo pokha sananame. Ankangopondaponda matope, uku ayang'ana, uko ayang'ana. Munthu akabwera kumanja, iye nkhope kumanja. Akabwera awiri mbali zosiyana, iye mutu m'bango. Ankadziwa kuti tsiku limene nkhongo idzaoneke, banja latha, pamudzi achoka, ndipo dzina lake lidzakhala nyimbo ya pamtondo.

Nangozo ankamubweretsera timatemba ndi mankhwala a mapazi, maso atatupa ndi kulira, n'kumamupepesa kuti wapsa chifukwa cha kusasamala kwake. Nantchengwa ankangolandira timatembato n'kudya, nkhongo ataibisa.

Nungu naye anadutsa, n'kukhala pamwala osafulumira.

"Tizitsotso tanga tili bwanji, bwanawe?"

"Tili bwino kwambiri."

"Tonse khumi?"

"Tonse. Tikupereka moni."

Nungu ananunkhiza mpweya, anayang'ana phiko lopserera m'khwapa, n'kunyamuka osatsanzika.

Tsiku lachinayi kunachitika chimene Nantchengwa sanachilote. Apongozi anati munthu wopsa chifukwa cha iwo ayenera kuthokozedwa pamaso pa anthu, ndipo anatsika okha kumtsinje, mudzi wonse pambuyo, Nangozo kumapeto kwenikweni. Apongoziwo anakhala pagombe chammbali, nsalu kumaso, kudikira kuti mkamwini agwade ndi kutembenuka monga mwa mwambo.

Nantchengwa anangoima, maso tong'o pa apongozi.

Anthu anayamba kunong'ona. Iye anatembenuka pang'ono, n'kubwerera. Anayesa mbali inayo, n'kubwerera. Anamira mpaka m'khosi, anavuuka, anapondaponda matope mpaka achule anasamuka ndi katundu. Akayang'anabe kutsogolo, watukwana apongozi. Akapereka msana, wadzigwiritsa yekha. Ulemu umene anabisalamo zaka zonse uja unali utamutchera msampha.

Apongozi analankhula kudzera kwa mwana wawo, mawu ali pansipansi: "Uwafunse amuna akowo ngati utsi unawadyera ndi ulemu womwe."

Nangozo anayandikira m'mphepete mwa madzi. "Abambo, tembenukani chonde. Manyazi ndasenzawa andikwana, musandisenzetse ena."

Mawu amenewo ndi amene anamuthyola. Anagwada m'madzimo, n'kutembenuka pang'onopang'ono. Kaliwo uja poyera, mpini utaloza kwa mwini wake.

Kenaka malume ake a Nangozo, munthu wokonda nkhani zokoma, anadzuka n'kunena kuti taonani, mkamwini wathu anapulumutsa kaliwo wa malemu, ndipo chifukwa cha kudzichepetsa sananene. Amayi ena anali atayamba kale kukonza nthungululu. Chitseko cha bodza chinatseguka chokha, chachikulu choti njovu n'kudutsa ndi mwana wake. Nantchengwa akanangogwedeza mutu, basi. Koma m'madzimo ankaona chithunzi cha Nangozo ataima payekha, manja kumbuyo, anthu atamutalikira.

"Sindinapulumutse ayi," anatero, mawu a m'mphuno aja atathawa. "Ndinakaba. Nangozo sanagwetse khala. Nkhokwe ndinatentha ndine."

Apongozi anatambasula dzanja, n'kukokera mwana wawo pansalu pawo. Sanakalipe. Anangoti mkamwini amange nkhokwe yofanana ndi imene inapsa, akamaliza adzabwerere kumudzi.

Ndiye chifukwa chake mpaka lero Nantchengwa amamanga chisa chachikulu ngati nkhokwe, choti munthu n'kuimapo osagwa. Akamaliza amaona kuti sichikufanana, n'kuyamba china, akadzidzi n'kumalowa m'chakalecho ulere. Amamanga pafupi ndi madzi, khomo n'kulimata ndi matope, chifukwa moto sakuukhulupiriranso. Kaliwo uja akadali kunkhongo, sanachokepo. Kutolera kokha sanasiye: chigamba, fupa, nkhata yotha, zonse amakasanja padenga. Mukamuona akupondaponda m'madzi, mapazi aja sanapole, ndipo a Kakowa oyera aja amaima chapatali kudikira nkhokwe yawo. Nungu naye anaphunzirapo. Anachotsa ukali kumitu ya tizitsotso n'kuupaka m'mbali mwa kabokosi, n'chifukwa chake machesi amagona mutu ndi mutu osayambana. Zitsotso zotsala anazisenza kumsana, ndipo wopempha amangomva tsekeretsekere, kenaka kubayidwa.

Koma tsiku lija apongozi, atadzuka kuti azipita, anaima n'kufunsa funso limodzi, ulendo uno okha, osadzera kwa munthu.

"Poti chimanga cha chaka chapita, tiuzeni, bambo. Kaliwo wa amuna angayo akukoka bwino?"

Nantchengwa anayang'ana m'madzi, anakhosomola, ulendo uno chifuwa chenicheni.

"Sindingadziwe, amayi. Ine fodya sindisuta. Amandichititsa chizungulire."