Chitsime Chimene Filimoni Anapereka kwa Mulungu

Kalekale, mijigo isanafike m'midzi, kunali mwamuna wina dzina lake Filimoni. Anali mkamwini, ankakhala kwawo kwa mkazi wake Nangozo.

Chaka china chilimwe chinakula. Mtsinje wapafupi unaphwa. Amayi ankakatunga madzi kuseri kwa phiri, ndipo Nangozo, ngakhale anali ndi pakati, ankapita nawo.

Filimoni mtima sunakhale m'malo. Anatenga khasu napita kudambo. Anakumba, anakumba, fumbi lokhalokha. Anakumba, anakumba, miyala yokhayokha. Kenaka anagwada m'dzenje momwemo.

"Ambuye, mukandipatsa madzi, chitsimechi chikhala chanu."

Atatemanso khasu, dothi linanyowa. Madzi anayamba kutumphuka, oyera bwino.

Anathamanga kukaitana a Tobiyasi, mkulu wa mpingo. Anthu anasonkhana, nyimbo inaimbidwa. A Tobiyasi anakweza manja nati, "Kuyambira lero, chitsime ichi n'cha Mulungu."

Anthu anati ameni, nabalalika kukatenga mitsuko. Koma mawu aja anamutsalira Filimoni m'makutu. N'cha Mulungu. N'cha Mulungu.

Tsono chinthu cha Mulungu chimene iye ankachidziwa chinali chimodzi, chikho cha Mgonero. Chinkakhala m'bokosi kutchalitchi, chokulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo mwana akangochiyandikira ankakalipiridwa. Filimoni anadzifunsa, "Nanga m'chitsime cha Mulungu mulowe zikho zamwaye za m'makhitchini?"

Amayi pobwera ndi mitsuko anapeza minga itazungulira chitsime, pamwamba atavundikirapo mphasa yatsopano.

"Alamu, tachotsani izi titunge," anatero mkulu wake wa Nangozo.

"Cha Mulungu sakhudza."

"Nanga ife ndife a yani?"

"Ndinalonjeza ndine, woyang'anira ndine. Cha Mulungu sakhudza."

"Kani Mulungu walemba mlonda," anatero mayi wina. Amayiwo anasenza mitsuko yawo nalowera kuphiri.

Nangozo anatsalira. "Amuna anga, ngakhale chikho chimodzi?"

Filimoni anangoyang'ana pansi. Nangozo anakonza nkhata yake natsatira anzake.

Kuyambira pamenepo Filimoni analibe mpumulo. Akapita kumunda n'kumva mbuzi ikulira, ankataya khasu n'kuthamangira kudambo. Akakhala pansi kuti adye n'kumva ana akuseka, ankasiya mbale n'kuthamangira kudambo. Kumunda, kuchitsime. Kunyumba, kuchitsime. Munthu anaonda, maso anafiira.

Tsiku lina anavundukula mphasa ija kuti aone. Madzi anali atachita ndere, obiriwira, akununkha.

Filimoni anakweza manja monga anachitira a Tobiyasi. "M'dzina la Ambuye, madzi inu yerani."

Madzi sanayere.

Anakweza mawu. Anabwereza mpaka kummero kunauma. Madzi sanayere.

Pamenepo chule anatuluka m'chitsime natera pa phazi lake.

"Ukupita kuti?" anafunsa Filimoni.

"Ndikusamuka. Muno mwanunkha," anatero chule. "Kodi mwini wake ndani?"

"Mulungu."

"Ndakhalamo chikumbireni, sindinawaone akubwera kudzamwa. Amene amabwera ndi ludzu ndi aja umawapirikitsa aja."

"Ine ndikuwasungira."

"Sunga. Ine ndapita."

Ndipo chule analumpha, analumpha, mpaka osaonekanso.

Filimoni atafika kunyumba anapeza amayi atadzaza pakhonde. Nangozo anali atagwa panjira ya kuphiri, mtsuko unasweka, madzi onse anatayika. Anzake anachita kumunyamula. Anali gone pamphasa, milomo itauma gwaa.

Apongozi ake, mayi wa Nangozo, sankayang'anana naye maso, monga mwa mwambo. Choncho anatembenukira kunkhokwe nayankhula mokweza.

"Iwe nkhokwe, umuuze mkamwini wa pano. Mwana wanga akagona ndi ludzu lero, mawa apinde mphasa yake abwerere kwawo."

Filimoni anathamanganso, ulendo uno kwa a Tobiyasi.

"Abambo, chitsime chija achilodza. Tiyeni mukachipempherere."

A Tobiyasi ankakhala kutsidya, sanadziwe zimene zinkachitika. Atafika kudambo anaima n'kuyang'ana minga ija.

"Waika izi ndani, mwana wanga?"

"Ine. Munati n'cha Mulungu. Ndimachisunga ngati chikho cha Mgonero."

"Tsiku la Mgonero chikho chija chimakhala m'bokosi?"

"Ayi."

"Chimakhala kuti?"

Filimoni anachiona chikho chija m'maganizo. Chikuyenda, dzanja ndi dzanja. Manja ong'aluka ndi khasu. Manja onunkha utsi. Pakamwa pa nkhalamba zopanda mano. Chikuyenda, chikuyenda, mpaka kwa womalizira wa pakhomo.

"Kupempherera tinapempherera kale, ndipo Mulungu saiwala," anatero a Tobiyasi. "Vula malaya, ulowemo."

Filimoni anazula minga ija ndi manja, magazi akuchucha. Anataya mphasa. Analowa m'chitsime nayamba kukapa madzi oipa aja. Amayi atamva anabwera, wina ndi mtsuko, wina ndi chikho, n'kumalandira, n'kumataya.

"Alamu, lero takhudza," anatero mkulu wake wa Nangozo.

Filimoni anakapa, anakapa, ndere zinatha. Anakapa, anakapa, matope anatha. Anafika pansi penipeni.

Pansipo panali zii. Palibe chotumphuka.

Amayi anasuzumira, anayang'anana. Dzuwa linali litapendeka. Filimoni anagwada pomwe anagwada tsiku loyamba lija. Ulendo uno sanalonjeze kanthu, sanalamule kanthu.

"Ambuye, n'chanu. Mpatseniko Nangozo."

Anapala dothi ndi zala. Anapalanso. Maondo ake anamva kuzizira. Madzi anayamba kubwera, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono.

Anadikira kuti adeke. Kenaka anapempha chikho. Chimene anamupatsira chinali chamwaye kuposa zonse. Anachimiza momwemo, natuluka, nayenda msanga atachigwira ndi manja awiri kuti dontho lisagwe.

Nangozo anamwa, anapuma, anamwanso. Anamuyang'ana mwamuna wake.

"Ndi a Mulungu aja?"

"Ndi omwewo."

"Akuzizira bwino," anatero Nangozo, natseka maso kuti apumule.

Filimoni anakhala pansi pakhonde, kwa nthawi yoyamba osatchera khutu kudambo. Koma mtima unali m'mwamba, poti apongozi anali asanayankhule. Mayi aja anadzuka, anakonza chitenje, anatembenukira kunkhokwe.

"Iwe nkhokwe, umuuze mkamwini wa pano kuti mtsuko wanga ulibe madzi."

Filimoni ananyamula mtsukowo nathamanga.

Chitsime chija ankatungamo mudzi wonse, ndi apaulendo omwe, ndipo amati sichinachitenso ndere. Ngakhale chule anabwerera.

Mwamva, anzanga? Ukapereka chinthu kwa Mulungu, manja ako achokepo. Iye sachitsekera m'bokosi. Amachiyendetsa kwa amene ali ndi ludzu, ndipo woperekayo amaima pamzere womwewo ndi chikho chake.

Mtsuko wadzaza, ndautula. Nthano yanga nayo yathera pomwepa.