Muyeso Wolakwika wa Enerst

Mvula itangoyamba, kolera inalowa ku Chinsapo. Enerst, katswiri wa mapulogalamu a pafoni yemwe ankagwirira ntchito pakhonde la nyumba yake ya lendi, anapanga pulogalamu yothandiza anthu. Ukalemba kukula kwa ndowa yako, iyo imakuuza kuchuluka kwa kolorini woti uthire m'madzi akumwa.

Mchemwali wake Olipa, mlangizi wa zaumoyo, anamuuza kuti aipange tsamba la pa intaneti, loti foni iliyonse itsegule, ndipo mwiniwake azilikonza nthawi imene wafuna. Koma Enerst ndi mutu wake wouma uja! Akuti tsamba n'lachikale. Iye ankafuna dzina lake lioneke m'sitolo ya mapulogalamu ya kampani ina yakunja, momwe kanthu sikalowa kapena kusinthidwa eni ake asanavomere. Anaika momwemo, ndipo amayi a m'makomiti a madzi anaikonda, n'kumauzana.

Patatha milungu itatu, Olipa anatulukira m'mawa nkhope ili gwa.

"Iwe, pa ndowa yaikulu waikapo muyeso wa kachigubu. Anthu akumwa madzi a tizilombo, mtima uli m'malo kuti athiramo mankhwala."

Enerst anatsegula pulogalamuyo n'kuona kuti analakwitsadi. Kukonza sikunamutengere ngakhale mphindi zisanu. Anatumiza kwa eni sitolo, yankho n'kubwera loti adikire, akuunika. Analemba kalata kuti ndi nkhani ya moyo, yankho lomwelo. Analembanso kachiwiri, kachitatu, mpaka kuchonderera ngati mwana. Amene ankamuyankha anali makina, ndipo makina sadziwa kuti Chinsapo ili kuti. Kuichotsa m'sitolo sikukanathandiza, popeza m'mafoni a anthu inali italowa kale.

Basi, iye ndi Olipa anayamba kuyenda khomo ndi khomo m'matope, kuuza anthu kuti asaikhulupirire. Koma ndani ankadziwa mafoni onse momwe inali? Enerst anachita mantha enieni. Chakudya chinaleka kumulowa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafika pakhomo pa mayi Eness, wogulitsa tomato, n'kupeza chitseko chotseka. Mnansi wawo anati athamangira ku tenti ya odwala kolera ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi. Pakhonde panali ndowa yaikulu yovundikira bwinobwino, botolo la kolorini lili pambali.

"Mayi aja ndi aukhondo," anatero mnansiyo. "Sathira mankhwala asanayang'ane pafoni."

Enerst anakhala pansi pamatope pomwepo. Anatulutsa foni kuti mwina eni sitolo amumvera. Uthenga unali womwe uja: dikirani, tikuunika.

Olipa sanamukalipire. Anangonyamula ndowayo n'kukhuthula madzi onse pansi, napita khomo lotsatira. Akuluakulu sananame, kwa eni kulibe mkuwe.