Tcheni Chopanda Mwini

Ndikulumbira pamaso panu nonse, mphezi indipeze pompano ngati m'nkhaniyi muli liwu limodzi labodza. Ine kusukulu sindinapondeko ndi pakhomo pomwe, ndiye bodza ndikanaliphunzira kuti? Komanso za njinga musandiuze. Ineyo ndinapalasapo kuchoka ku Lizulu kukafika ku Dedza n'kubwerako, tiyi amene ndinasiya pakhonde asanazizire.

Panali munthu wina ku Lizulu konkuko amene pomwalira anasiyira ana ake awiri njinga imodzi. Sinali njinga wamba. Inkasenza matumba asanu ndi awiri a mbatatesi, pamwamba pake mbuzi, wopalasa n'kumaimba mluzu pokwera chitunda. Anawo, Lameki wamkulu ndi mng'ono wake Dafuleni, anaigawana mwachilungamo. Lameki anatenga kutsogolo: mahandulo, belu, tayala lakutsogolo ndi mapedulo. Dafuleni anatenga kumbuyo: chishalo, kaliyala ndi tayala lakumbuyo. Kukwera ankasinthana, lero uyu, mawa uyo.

Dafuleni mbali yake ankaikonda zedi. Kaliyala ankaipukuta mpaka amayi opita kumsika ankaima kudziyang'anirapo pomanga duku. Koma za tcheni sankaziganiza. Mumtima ankati tchenicho chimachokera ku mapedulo, ndiye ndi cha achimwene. Lameki naye ankati chimathera ku tayala lakumbuyo, ndiye ndi cha mng'ono wake. Mvula inagwa n'kusiya katatu, tcheni osalawa ngakhale dontho la oyilo. Chinayamba kulira. Kulira kwake, abale anga, agalu a midzi inayi ankathawira pansi pa nkhokwe, ndipo anthu a ku Mozambique ankadziwiratu kuti njinga ija yanyamuka.

Tsiku lina chinaduka ali nayo Dafuleni. Analumikiza ndi msomali. Patapita sabata chinaduka ali nayo Lameki. Anamanga ndi waya. Kachitatu chinadukira Dafuleni pakati pa chitunda, katundu ali pambuyo. Miyendo inapalasa mphepo, njinga inabwerera chambuyo, ndipo mbatatesi zinagubuduka mpaka anthu a kunsi kwa phiri anatola sabata yathunthu osagula ndiwo.

Apa ndiye panabuka mkangano. Lameki anati mng'ono wakeyo amalemetsa kaliyala mopanda chisoni. Dafuleni anati achimwene amaponda mapedulo choimirira ngati akusinja chimanga. Mapeto ake Lameki anagamula kuti njingayo idulidwe pakati, aliyense atenge mbali yake, ndipo asadzapondanenso pakhomo.

Dafuleni anavomera ndi pakamwa pokha. Ankadziwa kuti mkulu wake amabwera kwa iye m'mawa uliwonse chifukwa cha njingayo, ndipo ikaduka, chibale nachonso chaduka. Koma kunena kuti tisadule kunali ngati kuvomera mlandu. Anangogwira kaliyala, mkulu wake atagwira mahandulo, ulendo wa kwa a Nangondo, mayi amene ankakonza njinga kuseri kwa chigayo.

A Nangondo sanawanyengerere. Anatulutsa macheka odulira zitsulo n'kuwaika pakati penipeni pa njinga. Kenaka anafunsa kuti, “Nanga tchenichi chipita ndi ndani?”

Lameki anati si chake. Dafuleni anati si chake.

“Chamasiye eti? Bwerani nacho kuno ndichifunse ndekha.”

A Nangondo anachiyala pathaulo. Anachipindira cham'mbali, ndipo chinapindika mpaka mutu kukumana ndi mchira. Anati tcheni chabwino chimakana kupindikira cham'mbali, ichi chadyeka m'kati. Anagwedeza mfundo zake imodziimodzi. Zina zinali gwa ndi dzimbiri, zina zodzaza mchenga, ndipo a Nangondo anagwedezamo mchenga wokwana kuumbira njerwa za khitchini. Anapeza msomali wa Dafuleni. Anapeza waya wa Lameki. Anaonetsa Lameki mano a gudumu lake la pa mapedulo, awiri atapindika. Anaonetsa Dafuleni mano a kagudumu kake kakumbuyo, atasongoka ngati mbedza, n'kumuuza kuti ngakhale ataika tcheni chatsopano lero, mano amenewo achitafuna mwezi usanathe. Anati katundu sanachidule, mwendo sunachidule. Chaphedwa ndi ludzu, anthu awiri akupukuta mbali zonse ziwiri.

Atatero anagwiranso macheka, n'kukoka kamodzi. Penti inanyotsoka.

Dafuleni anagwira dzanja la mayiwo.

“Dikirani, mayi. Tchenicho ndi changa. Ndine ndinachisiya ndi ludzu. Ikani china, musinthenso kagudumu kangako, ndizichisamala ndekha.”

Lameki anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Chako bwanji iwe? Wamkulu ndani pano? Tcheni cha bambo chingakhale cha mwana wadzulo ine ndili moyo?”

“Si paja mwachikana, achimwene?”

“Ndimakuyesa.”

Anayambanso kukangana, koma tsopano aliyense akulimbirana kuti oyilo azithira ndi iye. A Nangondo anabweza macheka m'bokosi. Anaika tcheni chatsopano ndi kagudumu katsopano, n'kuwongola mano a gudumu la Lameki. Anawauza kuti chikada azichitsuka ndi palafini ndi mswachi wakutha, chiume kaye, kenaka azidonthezera oyilo pa mfundo iliyonse n'kupukuta wotsala, chifukwa oyilo wochuluka amaitana mchenga. Anati asachikoke kwambiri, chizitha kusewera pang'ono akachikankha ndi chala, ndipo chikangoyamba kulira kapena kulumpha mano, achione tsiku lomwelo. Ntchito anawagawira okha a Nangondo: wina atsuke, wina athire, Loweruka lililonse, onse awiri alipo.

Anabwerera atakwerana, Lameki akupalasa, Dafuleni pa kaliyala. Njingayo inkayenda mwakachetechete mpaka anadutsa pakati pa nkhanga zikudya osaziulutsa, ndipo pa chitunda chachikulu cha kwawo Lameki ankachita kugwira mabuleki pokwera.

Tsono inu amene mukundimvera, kwanu kuli zinthu zimene zimayenda pakati pa anthu awiri: mjigo wa pamalire, kanjira ka pakati pa minda, kholo lokalamba limene mwana aliyense amati mnzake akuliona. Zoterezi sizifa ndi nkhanza, zimafa poti aliyense ali kalikiliki kupukuta mbali yake. Chikaduka, musathamangire kuloza chala. Chiyaleni pansi muchione bwino, mupezamo msomali wanu. Ndipo pakafunsidwa kuti mwini wake ndani, yambani inu kuyankha.

Mukuti chiyani kumbuyoko, a Mbendera? Akuti njinga singafune mabuleki pokwera chitunda. Zamkutu zimenezo. Inu njinga yanu tonse timaimva ikamachoka kunyumba, ndiye mungadziwe chiyani za tcheni chothira oyilo? Khalani pansi.