Khutu Limodzi la Zelesi

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma kale lomweli la maminibasi, ku Ntcheu kunali mayi wina dzina lake Zelesi, wotsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo. Khutu lake lamanzere linafa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, litatuluka mafinya dzinja lonse. Chinsinsi chimenechi ankachidziwa anthu awiri okha, mwamuna wake Lufeyo ndi mkulu wake Filesi. Khutu lamanja ndiye linali lakuthwa. Mayi mmodzi akaphonya mawu pakati pa amayi makumi atatu, Zelesi ankamuloza uku akumwetulira.

Tsiku lina akuchokera kokaimba ku Balaka, tayala la minibasi linaphulika, galimoto n'kugubuduzika. Zelesi anamenyetsa mutu mbali yakumanja. Atatsitsimuka m'chipatala anaona milomo ya anamwino ikuyenda, koma dziko lonse lili zii.

Zaka ziwiri zinadutsa. Lamulungu ankakhala kutsogolo m'tchalitchi atagwira benchi, kuti amveko kunjenjemera kwa ng'oma m'dzanja. Mvula ikamagwa ankayang'ana malata n'kumadikira. Mwana wake wamkazi atabereka, Zelesi ankagoneka khandalo pachifuwa likamalira. "Kodi mawu ake ndi otani?" ankafunsa. Ankamulembera m'kope kuti ndi okoma, koma iye ankangotseka kopelo, misozi ili lengelenge.

Dokotala anati m'khutu lamanja mwatsala kamoyo, ndipo kachipangizo kena kakhoza kulidzutsa. Koma kanali kodula. Chiyembekezo chinatsala pa chipukutamisozi cha kampani ya inshulansi ya minibasi ija.

Lufeyo anamva kuti kampani ikadziwa za matenda akale imakana kulipira. Anatenga buku lakuchipatala la mkazi wake n'kulibisa m'nkhokwe. Ku ofesi ya kampaniyo, kutali ndi kwawo, anati, "Akazi anga ankamva ndi makutu onse awiri." Ankamubweza, mawa, mawa, koma iye ankabwerera, nthawi zina panjinga mtunda wonsewo, mpaka alonda anamudziwa dzina. Pakanapanda iye, nkhaniyo ikanafera m'kabati. Koma dokotala wa kampani anapeza chipsera chakale m'khutu lamanzere. Anawatcha abodza, fayilo n'kutsekedwa.

Filesi atamva anapita kunkhokwe. "Alamu, bodza lanu latiphera m'bale wathu. Bukulo ndatenga." Anakalitsegula pamaso pa akuluakulu a kampani. "Werengani apa. Lamanzere linafa kalekale, inde. Lamanja dokotala analemba kuti lili bwino. Mng'ono wanga anali ndi khutu limodzi, ndipo galimoto yanu inatenga lomwelo. Munthu wa mbuzi imodzi mukamubera, mwamusiyira chiyani?" Fayilo inatsegulidwanso. Koma nkhani inawanda, mpingo wonse n'kudziwa zimene Zelesi anabisa moyo wake wonse, ndipo mwamuna wake ankalozedwa zala pamsika kuti ndi wabodza. Zelesi anatha mwezi osatuluka m'nyumba.

Kenako mwini minibasi anakana zonse. Anati dzina la Zelesi mulibe mu lipoti la apolisi, ndipo galimoto yake inalibe vuto. Apa panatulukira Yotamu, dalaivala wa tsiku lija, wopanda womuitana. Anagwada pakhomo pa Zelesi n'kulemba m'kope muja: "Mayi, tayala lija ndinkadziwa kuti latha. Ndinaopa kutaya ntchito." Anakanenanso zomwezo kukampani ndi kupolisi, kuti mayiyu anakhala kumbuyo kwake penipeni. Anamuchotsa ntchito, laisensi n'kumulanda. Kampani inalipira.

Tsopano tsiku lafika loti Zelesi akaikidwe kachipangizo kaja ku Blantyre. Dokotala walemba kuti m'chipindamo mudzalowa munthu mmodzi yekha womuperekeza, ndipo ameneyo ndiye adzayambe kumulankhula. Wachenjezanso kuti khutulo ndi lofooka; mwina lidzamva zaka zambiri, mwina masiku ochepa chabe.

Atatu onse abwera pakhonde. Lufeyo wavala jekete la ukwati wawo, ndipo wakhala akuyeserera kuitana dzina la mkazi wake kuseri kwa nyumba. Filesi akuti adzamuimbira nyimbo imene mayi awo ankaimba posinja. Yotamu waima patali, chipewa chili m'manja. Iye sakupempha kalikonse, koma Zelesi akuona milomo yake ikubwereza mawu amodzi okha, pepani, ndipo mtima wake ukufuna kuwamva ndi khutu.

Zelesi wagwira pensulo, kope lili pamiyendo. Akuyang'ana uyu, akuyang'ana uyo.

Nanga inu mwakhala apa, mukuti alembe dzina la ndani? La mwamuna amene ananama chifukwa chomukonda, la mkulu wake amene anamuyalutsa kuti amupulumutse, kapena la munthu amene anamulanda khutu kenako n'kutaya zake zonse kuti amubwezere?