Mmene a Chikaonda Anachotsera Munthu Pagulu

A Chikaonda, eni nyumba za lendi ku Chilomoni, anatopa ndi mayi Nachisale, amene tsiku lililonse ankatumiza zithunzi za denga lodontha pagulu la Watsapu la anthu ochita lendi. Tsono anapita kwa Tadala, telala amene anatsegula gululo.

"Uwachotse mayi amenewa lero. Ukakana, usamuke m'nyumba yanga."

"Bwana, ine ndichotse munthu eni ake mulipo?" anatero Tadala. "Bweretsani foni yanu. Mwawaona mawu ofiira pansipa? Tchulani dzina lawo mokweza, kenako mudine kawiri."

"Nachisale!" anakuwa a Chikaonda, n'kudina.

Foni inangoti zii. Masiku atatu anatha osalandira chithunzi, bambowo akuyenda monyang'wa. Tsiku lachinayi anakumana ndi mayi Nachisale pampopi.

"Mayi, kunja kwa gulu kukuzizira bwanji?"

"Tifunse inuyo, bwana," anayankha mayiwo, akuwaonetsa foni. "Apa palembedwa kuti munatuluka nokha. Tinaganiza kuti mwathawa manyazi, ndiye Tadala analowetsa akazi anu. Zithunzi zonse aziona, ndipo akukudikirirani kunyumba ndi makwerero."