Mbira Amene Anayang'ana Dzuwa

Gologolo ndi Msulu sankagwirizana pa zimene zinachitikira mwana wa Mbuzi m'munsi mwa phiri. Gologolo, yemwe ankaopa ngakhale tsamba likagwa, ankati Chiombankhanga chinamunyamula n'kupita naye m'mwamba iye akuona. Msulu, wosaopa kanthu, ankati limenelo ndi bodza, chifukwa mbalame singanyamule chinthu choilemera kuposa thupi lake. Iye anaona mwanayo akugwera pansi, Chiombankhanga chili wefuwefu.

Mkanganowu unamusowetsa mtendere Mbira, amene anali ndi mwana mmodzi yekha. Gologolo anamulangiza kuti amutsekere mumng'alu wa thanthwe, asamatuluke. Msulu anati amupititse kudambo kukadya msipu kuti anenepe msanga, popeza wonenepa sanyamulika.

Mbira anaona kuti aliyense ali ndi mfundo. Mumng'alumo munalibe chakudya, ndipo mwanayo anali atayamba kuoneka nthiti. Koma kudambo kunalibe pobisala. Choncho anatsimikiza kuti asasankhe kanthu asanamve kwa mwini tsoka.

Anamupeza Mbuzi ataima pafupi ndi chulu, mawere ali tho ndi mkaka wopanda woyamwa. Atamupepesa, anamufunsa kuti pa awiri aja wonama ndani.

"Palibe wanama," anatero Mbuzi. "Chiombankhanga chinamukweza mpaka msinkhu wa chulu ichi, Gologolo n'kuthawa. Chinamulephera n'kumugwetsa, Msulu n'kumapita akuseka. Zotsatira zake ndinaziona ndekha."

"Nanga mwanayo ali kuti, achemwali?"

"Chinamudyera pansi pomwepa. Kunyamula sikunafunike."

Kenako Mbira anafunsa kuti chinabwera bwanji osachiona. Mbuzi anafotokoza kuti chinatsika kuchokera kumene kunali dzuwa, kumene aliyense amapewa kuyang'ana. Pamene mthunzi wake unkafika pa udzu, zikhadabo zinali zitalowa kale pamsana.

Atabwerera kuphiri, Mbira anauza anzake aja zonse. Gologolo anaumirirabe kuti mwanayo atsekeredwe, ndipo Msulu anang'ung'udza kuti mwana wa Mbuzi akanangonenepa pang'ono akanapulumuka. Mbira anawathokoza onse, koma sanatsate aliyense. Anauza mwana wake kuti azidya udzu wa m'mbali mwa thanthwe, pomwe mng'alu uli pafupi, ndipo iye anakwera pamwamba n'kutukula maso kuyang'ana dzuwa.

"Muchita khungu, mayi," anamuseka Msulu. "Ndiye inuyo muzidya nthawi yanji?"

"Iye akakhuta," anayankha Mbira osatsitsa mutu.

Misozi inkatsika m'masaya, mimba inkalira, koma sanasunthe. Masiku anapita popanda chochitika, mpaka Msulu anatopa n'kumuseka. Tsiku lina masana Mbira anaona kadontho kakuda m'mphepete mwa dzuwa, kakukula. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse, mwana analowa mumng'alu, iye n'kutsatira, ndipo zikhadabo zinangokanda mwala.

Chiombankhanga chinatera pathanthwepo n'kusuzumira. "Kamwana kanuko n'kopepuka, mayi. Ndikanakanyamula ndi phazi limodzi."

"Sindikutsutsa," anayankha Mbira ali mkati. "Koma muyambe mwakagwira."

Chitauluka, Gologolo anabwera n'kunena kuti tsopano mwanayo asadzatulukenso. Mbira anamuyang'ana ndi maso ofiira chifukwa cha dzuwa, n'kumuuza kuti mwana wake sadzafa ndi njala poopa zikhadabo, ndiponso sadzaponyedwa padambo podalira kulemera. M'mawa mwake anamutulutsa kuti akadye, iye n'kukweranso pamwamba pa thanthwe.

Phunziro: Tikamva za ngozi, tisamathere nthawi pokangana kuti mdani angathe kunyamula zolemera bwanji. Amene walephera kukunyamula angathe kukupwetekera pomwe waimapo. Mwana amatetezedwa ndi kholo lomwe lafufuza kumene ngozi imachokera n'kulolera kuyang'ana komweko, ngakhale maso awawe.