Nkhwali Anabisa Ana Tsiku Lowerengana

Kalekale, mwanawe, nyama zinali ndi bwalo lawo patsinde pa mkuyu. Pabwalopo panali miyala yokhalapo. Dera lililonse mwala wake, ndipo wolankhula anali wapamwala basi. Pamwala wa kudambo ankakhalapo Nkhwali.

Chaka china nyama zinati kwina tachuluka, kwina tachepa, tiwerengane kuti tigawenso miyala ndi malire. Zinatuma Kamba ndi thumba la nyemba. Mutu umodzi, nyemba imodzi.

Nkhwali atamva, mantha anamugwira. Pajatu kwawo ankakhulupirira kuti mwana ukamuwerenga amafa. Anayenda chisa ndi chisa. Bisani ana, bisani ana!

Kamba anafika. Anawerenga, anawerenga, nyemba zisanu ndi ziwiri zokha.

"Kodi ana kulibe kuno?"

"Mazira sanaswe chaka chino," anatero Nkhwali, ana makumi anayi ali zii mu udzu.

Kubwalo anakhuthula nyemba zija. Zisanu ndi ziwiri sizikwana mwala. Anagubuduza mwala wa Nkhwali n'kupatsa achule akumtsinje, amene anawerengetsa ndi mbululu zomwe. Malire anasuntha, dambo lonse n'kulowa m'dera la kuphiri. Wapamwala wa kuphiri anali Vumbwe.

Vumbwe sanachedwe. Anabwera akumwetulira, ati kudzaona anthu ake. Tsiku loyamba, mwana mmodzi palibe. Lachiwiri, awiri palibe. Ankabwera dzuwa lili pamutu, osabisala n'komwe.

Nkhwali anathamangira kubwalo kukadandaula. Nyama zinamuuza kuti wopanda mwala salankhula, amulankhulire wa dera lake. Vumbwe anadzuka pang'onopang'ono akunyambita milomo.

"Nkhwali za kwathu zinali zisanu ndi ziwiri," anatero. "Pitani mukaone ngati yasowapo ngakhale imodzi."

Anapita. Anawerenga. Zinalipodi zisanu ndi ziwiri. Mlandu unatha. Mwana amene unanena wekha kuti kulibe, ungamulire bwanji pabwalo?

Nkhwali anabwerera kudambo. Vumbwe ankamutsatira m'mbuyo, osafulumira.

Ine nthano iyi imandiopsa, mwanawe. Nkhwali ankati akubisa ana kwa imfa, koma anawabisa kwa amene akanawateteza. Wosawerengedwa akasowa, palibe amadziwa. N'chifukwa chake mpaka lero nkhwali imalira m'mawa uliwonse. Imakhala ikuwerenga ana otsala, mokweza, kuti dziko lonse limve.

Nthano yanga ija, yathera pomwepo.